Wanzeru Wachinayi

Kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ikwane, telala wosoka zovala za sewero la kutchalitchi anali atagwada pakati pa mapiko a angelo, mapini ali kukamwa. Apo ndi pomwe anatulukira mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, wowerenga mamita a madzi, munthu wosakhulupirira kanthu mpaka ataona palembedwa, yemwe kwa zaka zisanu wakhala akusewera miyendo yakumbuyo ya bulu.

"Mwafika bwino, alamu," anatero telala. "Weramani ndiyese mchira."

"Chaka chino sindiwerama. Ndawauza apongozi kuti ndikhala mfumu, mmodzi wa anzeru a kum'mawa. Akubwera, adzakhala benchi yakutsogolo."

"Amayi anga? Iii! Amayi akudziwa kale mbali imene mumakhala. Weramani."

"Ndalonjeza, alamu. Ndisachite manyazi."

"Anzeru ndi atatu, ndipo alipo kale: aphunzitsi, a kubutchala ndi adala a besi a m'kwaya."

Mlamu uja anasolola kabuku ka malemba oyera m'thumba la jekete, nanyambita chala.

"Atatu palembedwa pati?"

"Aliyense akudziwa."

"Aliyense si nambala. Ine nditalemba kuntchito kuti 'aliyense akudziwa', mawa lomwe ntchito yatha. Mphatso ndi zitatu, inde. Koma anthu sanawerengedwe. Mwina anali awiri, mwina khumi ndi awiri."

"Nsalu ndili nayo ya atatu."

"Nsalu yanu si umboni."

"Nanga wachinayiyo anyamula chiyani? Chimanjamanja kukaona mwana?"

"Athandiza wa golide. Golide amalemera, alamu."

Telala anamuzunguliza tepi m'chiuno ngati kuti sanamve. Mayi wosoka ameneyu akati ayi, ngakhale abusa a mpingo amabwerera pakhomo.

"Kokani mimba! Eee, bulu wanenepa chaka chino."

"Bulu?" Mlamu anatembenuza masamba, kutsogolo, kumbuyo. Maso anatong'oka. "Mayo ine! Bulunso mulibe!"

"Mulibe bwanji?"

"Mulibe! Zaka zisanu ndakhala ndikununkhiza msana wa mkulu wampingo mkati mwa bulangete, kusewera nyama yosalembedwa!"

"Ndiye mayi woyembekezera ayende wapansi ulendo wonsewo? Mulibe chisoni inu?"

"Chisoni ndili nacho, umboni ndilibe."

"Kwezani mwendo."

"Ngamiranso mulibe! Taonani nokha. Ngakhale tsiku lenilenilo silinalembedwe. Anachita kusankha anthu, patapita zaka mazanamazana."

"Anasankha bwino. Linagwera pa tchuthi."

"Zisoti zachifumunso mul..." Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

"Aha! Zisoti mulibe? Ndiye ufumu wanu uli pati?"

"Pamenepo tisathamangepo."

"Ndisoke kapena ndisasoke? Angelo khumi ndi anayi akudikira mapiko, wina wakula mwadzidzidzi, chovala chikulekeza m'mawondo, inu muli pano kundichotsera ziweto!"

"Ndikungowerenga zimene zilipo."

Telala analavulira mapini m'dzanja. Anakwera pampando, nathothola katani wapawindo, wachikasu wamaluwa, n'kumuponyera pamapewa. Pamutu anamuveka kabasiketi ka ulusi.

"Chabwino! Mwapambana. Ndinu wachinayi. Mundisiye ndipume."

Abale, chimwemwe chake! Bambo wamkulu, wa ana atatu, anayamba kuzungulira pagalasi, katani akukwekwereza pansi, akugwedezera dzanja mashini osokera ngati khamu la anthu. Ine ndinamumvera chisoni, chifukwa munthu wotere sadziwa polekezera.

"Apongozi adzalira misozi! Adzati mwana wanga anakwatiwa kubanja lachifumu!"

"Imani, ndikubayani. Mudzalowa pambuyo pa a kubutchala, abusa a nkhosa akangotuluka m'khola."

"M'khola?" Mfumu inaima. Chala chinabwerera kukamwa. "Ayi, alamu, pepani. Anzeru sanafike m'khola. Palembedwa kuti m'nyumba."

"Khola, nyumba, zonse ndi makatoni omwewo."

"Si zimodzi! Anachokera kutali, anachedwa. Ukawerengera bwinobwino, mwanayo anali atayandikira zaka ziwiri, akuyenda yekha, akugwetsa makapu."

Telala anasiya kubaya mapini.

"Zaka ziwiri?"

"Ziwiri!"

"Mwawerenga bwino?"

"Ine? Sindinaphonyepo nambala chiyambire ntchito."

Telala anamuvula kabasiketi. Anamuvula katani, naupinda bwinobwino, kanayi.

"Khanda lathu la m'sewero lili ndi miyezi iwiri. Ndiye inu a mfumu, mubwere likakwanitsa zaka ziwiri. Amayi ndiwauza kuti mukadali m'njira."

"Aaa! Alamu! Nanga atatu aja alowa bwanji?"

Telala anabwezera mapini kukamwa, natola phiko la mngelo.

"Ajawo sanawerenge."