Rauta yachitatu ya ba Dyton Mvula

Malemu ba Dyton Mvula, amalume anga, anabadwa pa 9 Juni 1961 ku Chawama. Ine ndine Luyando. A banja andipatsa pepala ili kuti niwerenge pa maliro pano chifukwa ndine ninali kukhala nawo masiku othera, ndiye mukhululuke nikatalikitsa.

Sukulu anaphunzira ku Matero mpaka Fomu 5, kenaka anachita kosi ya malamya. Mu 1986 anakwatira ba Philomena, amene anayamba awakana kawiri, eni ake ndiwo amanena. Anasewenza pa kampani ya boma mpaka 1996, pamene anthu ambiri anachotsedwa nchito. Mu 2001 anatsegula kafe ya intaneti kuno ku Matero.

Mu Malichi chaka chino cha 2004, kiliniki ili kuseli kwa kafe inapempha kugawana nawo intaneti pa waya umodzi. Apo n'kuti impso zayamba kuwavuta amalume, koma nkhawa yawo inali pena. Mu makompyuta a kiliniki muli maina a anthu oyezetsa magazi ni zotsatira zake, ndipo makasitomala a pa kafe mumawadziwa, chilichonse afuna kutsegula. Malemu anati pafunika rauta, kabokosi kolondolera mauthenga, koma yodziwa VLAN. Iyo imaika chizindikiro pa uthenga uliwonse, kuti va kiliniki ni va kafe viyende pa waya umodzi osasakanikirana.

Ang'ono awo, ba Petros, anapita ku Kamwala n'kubwera ni rauta ya tinyanga tiwiri ni timagetsi tambirimbiri, ati wogulitsa walumbira kuti ni yamphamvu. Malemu ali gone anandiuza niwawerengere va pa katoni, mbali zonse. Nambala imene anali kufuna, 802.1Q, yoonetsa kuti rauta idziwa VLAN, panalibe. Anaibweza. Yachiwiri anaibwezanso. Ba Petros anakwiya masiku atatu osalowa m'chipinda, ndipo a kiliniki anatopa, anati angolumikiza iliyonse. Tonse tinaopa kuti amalume adzatisiya nkhaniyi isanathe. Yachitatu inali yakale, yokalikakalika, yochoka pa ofesi ina inatsekedwa, koma nambala ija inalipo.

Pa Chisanu, 13 Ogasiti, ba Petros anailumikiza motsatira malangizo amene malemu analemba m'kope, n'kukhala pa kafe tsiku lonse kuyesa kulowa mu makompyuta a kiliniki, kuti aone ngati kasitomala angakwanitse. Analephera. Atawauza, amalume anaseka, n'kupempha phala, munthu amene sabata yonse anali kukana chakudya. Pa Sondo m'mawa anamwalira mwakachetechete, ba Philomena atawagwira dzanja.

Asiya akazi awo, ana awiri, Chibwe ni Judith, ni ang'ono awo ba Petros. Banja likuthokoza anesi a kiliniki, azimayi a mpingo amene akhala akuphika, ni nonse mwabwera. Tilira, inde, koma amalume anavutika mokwanira. Ndipo inu amene munayezetsa magazi pa kiliniki, mitima pansi: dzina lanu palibe analiona, olo ine. Ba Dyton, nchito mwaitsiriza, usani mumtendere.