Bokosi la Mpeni Wobuntha

Lolemba masana muulutsi wa pawailesi anakhala pa mpando wake uja wolira, n'kusendeza maikolofoni, n'kusanja mapepala monga mwa masiku onse: maliro pamwamba, anthu osowa pakati, mbuzi ndi ng'ombe pansi. Nyale yofiira itayaka anayamba.

"Nthawi ija yakwana, omvera athu. Tcherani khutu, mwina uthenga wa lero ndi wanu.

"Akudziwitsa abale ndi abwenzi, makamaka achemwali a malemu okhala kuseri kwa siteshoni ya sitima, atsibweni a kumunda, adzukulu onse, ndi anzawo ogwira ntchito pakhonde la positi ofesi, kuti bambo okonza mawotchi aja amwalira dzulo m'mawa atadwala masiku anayi. Maliro ali kunyumba kwawo, nyumba yachitatu kuchokera pampopi, msewu wopita kuchigayo. Kuika m'manda ndi mawa Lachiwiri, 2 koloko masana. Akudziwitsanso onse owerenga nyuzipepala ya Lamulungu kuti malemuwa ndiwo anali Mpeni Wobuntha, mlembi wa nkhani za patsamba lomaliza kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Chilengezochi chachokera kwa akulu awo a malemu, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, amene ambiri mumawadziwa kuti Ahedi."

Muulutsi anayang'ananso dzinalo papepala. Mpeni Wobuntha! Kunyumba kwa muulutsiyu ngakhale mphaka ankadziwa kuti tsamba lomaliza la Lamulungu sakolezera moto. Ndipo munthuyo anamukonzerapo wotchi kawiri konse, maso ali pa tizitsulo take, osanena n'kamodzi komwe kuti ndine. Mbuzi zosowa za tsiku limenelo anaziwerenga mtima uli kwina.

Lachisanu Ahedi anatumizanso china.

"Akudziwitsa a pabanja onse, akuchimuna ndi akuchikazi, aphunzitsi anzawo akale, ndi okonda kuwerenga kulikonse kumene ali, kuti bokosi lachitsulo la zolemba za malemu Mpeni Wobuntha lachotsedwa kunyumba ya malemu ndipo likusungidwa bwino kwa akulu awo. Loweruka la sabata yamawa, pa 22, 10 koloko m'mawa, mu holo ya sukulu ya pafupi ndi msika, bokosili liperekedwa kwa osindikiza mabuku kuti nkhani zonse zituluke m'buku limodzi, dzina lenileni la malemu ndi chithunzi chawo zili pachikuto. Amene ali ndi chithunzi cha malemu atavala tayi abwere nacho. Ochedwa adzapeza chitseko chotseka. Chilengezochi chachokera kwa Ahedi."

Lolemba lotsatira, muulutsi akudutsa pakauntala polandirira zilengezo, anaimitsidwa ndi mayi ena aafupi, maso otupa, timaulusi tabuluu titakakamira pa juzi.

"Bambo, ndinu munawerenga kuti Mpeni Wobuntha wamwalira?"

"Ndine, mayi. Pepani kwambiri. Tonse tataya."

"Ine ndataya mwamuna wanga. Mpeni Wobunthayo ndi amene mukuyankhula nayeyu."

Muulutsi anawakokera benchi, mayiwo n'kufotokoza, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Ntchito yawo inali yosoka mayunifolomu a ana asukulu. Anayamba kulemba ali ndi mwana mmodzi, makina osokera ali mbali iyi, kope mbali iyo. Koma telala wamkazi woseka anthu m'nyuzipepala akanasokeranso ndani? Ndiye anadzipatsa dzina lobisalamo, envulopu n'kumanyamula amuna awo Lolemba lililonse popita kukhonde kwawo. Akunyuzipepala ankaona nkhope ya wonyamulayo, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti ndi iyeyu. Bambowo osavomera, osakana, kumangomwetulira.

"Tinkaseka kunyumba, bambo. Sitinadziwe kuti tikudzikumbira dzenje."

"Nanga alamu anuwo simunawauze?"

"Ndinawauza bokosi lili kale pamutu pa munthu. Akuti chisoni chandisokoneza mutu. Ndikati dzanja la m'makope onsewo ndi langa, akuti ndinkangokopera, poti mng'ono wawo ankalemba ngati papalasa nkhuku. Mkonzi amene tinayamba naye anamwalira kale. Ana anga omwe akundiyang'ana mondimvera chisoni. Sindikulimbana ndi mwamuna wanga ayi, anali munthu wabwino. Koma bukulo likatuluka ndi dzina lake, zaka zanga zonsezi zalowa naye m'manda. Adzandimveranso ndani?"

Manyazi anamugwira muulutsi mpaka kumapazi. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo kandimverereyo anali iye, pakamwa pake pomwe. Masana amenewo pepala la mayiwo analiika pamwamba penipeni, maliro n'kubwera pambuyo.

"Akufunafuna mayi amene ankagwira ntchito yotayipa ku nyuzipepala ya Lamulungu, aatali, ovala magalasi a chingwe, amene anzawo ankangowaitana kuti Anti a Taipi. Anapuma ntchito zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo zinamveka kuti akukhala kwa mwana wawo wamkazi, namwino, kutsidya kwa mlatho. Sanalakwe kanthu, asachite mantha. Ndi iwo okha otsala amene ankagwira mapepala a Mpeni Wobuntha asanasindikizidwe. Aliyense wowadziwa, kaya mpongozi, kaya mnzawo wakutchalitchi, kaya woyandikana nawo nyumba, awauze kuti afike pa shopu yosokera mayunifolomu yoyang'anana ndi chigayo Loweruka lisanakwane, chifukwa likadutsa Loweruka kubwera kwawo kudzakhala kopanda ntchito. Chilengezochi chachokera kwa mkazi wa malemu okonza mawotchi."

Anachiwerenga Lolemba, anachibwereza Lachiwiri. Kuli zii. Namwino uja anapezeka kuti anasamutsidwa kalekale, nyumba ya kutsidya kwa mlatho mukukhala anthu ena osadziwa kanthu. M'malo mwa yankho, Lachitatu kunabwera pepala lina la zilembo zoimirira bwinobwino ngati za pabolodi.

"Akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mwambo wa Loweruka pa 22 ulipo monga unalengezedwera, malo ndi nthawi sizinasinthe. Akupempha anthu kuti asasokonezeke ndi mawu ena amene akumveka kuchokera kwa mlamu wawo, mkazi wa malemu, poti munthu akaferedwa amayankhula zambiri. Akupempha amayi oyandikana naye apitirize kumuchezera ndi kumuona ngati akudya. Chilengezochi chachokera kwa Ahedi, m'malo mwa banja lonse."

Muulutsi anachiwerenga atakukuta mano. Banja lonse lake liti? Koma ntchito ndi ntchito, pepala likafika patebulo limawerengedwa.

Lachinayi anali atafika kale ku ziweto, akulengeza za ng'ombe yaikazi ya nyanga imodzi yosowa pafupi ndi bwalo la mpira, pamene mayi a pakauntala analowetsa pepala kunsi kwa chitseko n'kugogoda pagalasi ndi cholembera. Linabwera ndi dalaivala wa basi, lopindidwa kanayi, lili ndi chidindo cha chala cha girizi. Muulutsi analikoka ndi phazi, n'kulitola, n'kulitambasula.

"Akudziwitsa mayi osoka mayunifolomu kuti uthenga wamveka. Anti a Taipi ali moyo. Miyendo ndiyo ikuvuta, koma makutu ndi mutu zili bwinobwino. Anasamukira kwa mng'ono wawo pafupi ndi damu, kumene wailesi imagwira ukaikweza pa denga la khola, n'chifukwa chake achedwa kumva. Afika Loweruka m'mawa pa basi yoyamba. Wina akawachingamire kudepoti, makamaka wamphamvu, poti masitepe a basi ndi adani awo. Akuti ali ndi pepala limodzi limene alisunga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo Ahedi asaiwale magalasi awo owerengera. Chilengezochi chachokera kwa Anti a Taipi eniake."

Loweruka muulutsi sanali pa ntchito, koma 10 koloko inamupeza pa desiki lakumbuyo mu holo ya sukulu, mawondo akugunda thabwa poti desikilo linamuchepera. Kutsogolo bokosi lachitsulo linali patebulo, pambali pake chithunzi cha malemu atavala tayi yobwereka. Wosindikiza mabuku anali atakhala chire, makiyi a galimoto ali m'manja. Ahedi anali atangoyamba kupereka moni kwa gulu lachitatu la alendo pamene ndodo inamveka pakhomo, gu, gu, gu. Anti a Taipi analowa atatsamira phewa la mayi osoka aja.

"Pepani Ahedi, ndikudulani, miyendo yangayi siilola kudikira mawu anu," anatero. "Chaka china mayi awa anagonekedwa m'chipatala masabata asanu ndi limodzi. Tsamba lomaliza linakhala lopanda nkhani, owerenga akutilalatira pafoni. Sabata yachitatu mng'ono wanu anabwera ndi pepala ili. Dzanja lake mumalidziwa?"

"Ndinamuphunzitsa kugwira pensulo ndine," anayankha Ahedi, akuvala magalasi.

"Werengani mokweza, ndinu aphunzitsi."

Ahedi anakonza kukhosi. "Panali wotchi. Wotchiyo inafa. Mwini wake anabwera nayo kwa ine. Ndinaikonza. Inayambanso kuyenda." Anatembenuza pepala kufuna kupitiriza, koma nkhani inali itathera pomwepo. Kumunsi kunali mizere ina, ndipo anaiwerenga mawu akuchepera chepera. "Anti, ndayesetsa masiku atatu, zandikanika. Musatayipe, mayi akatuluka m'chipatala adzandiseka mpaka chaka chamawa. Eni nkhanizi ndi iwowo. Ine ndine miyendo yawo chabe. Musauze munthu."

Holo yonse inaphulika ndi chikhakhali. Mayi osoka aja anaseka nawo, misozi ili chuchuchu, chifukwa za pepala limeneli sankazidziwa n'komwe. Analipempha, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, ngati akuyankhula ndi malemu amuna awo, "Inu bambo inu, wotchiyo bwenzi mutanena mtundu wake." Wosindikiza anaika makiyi m'thumba. Ahedi anavula magalasi, n'kukhala pansi osamaliza moni. Muulutsi anausa moyo, mtima wake n'kukhala m'malo koyamba sabata yonseyo.

Lolemba nyale yofiira itayaka, mapepala awiri anali pamwamba.

"Akudziwitsa abale, abwenzi, ndi onse amene anamva zilengezo za pa 10, pa 14 ndi pa 19, kuti panali kulakwitsa. Amene anamwalira ndi mng'ono wawo, wokonza mawotchi, munthu wosunga chinsinsi. Mpeni Wobuntha ndi alamu awo. Bokosi labwezedwa Loweruka lomwelo, analinyamula okha mpaka pakhomo, ndipo akupepesa pamaso pa anthu onse. Akufunsanso alamu awowo mwaulemu ngati Bwana Jekete wa m'nkhani zija, amene amayankhula ola lathunthu paukwati uliwonse mpaka chakudya kuzizira, ali munthu amene iwo amamudziwa. Akuti akhala akumuseka munthuyu zaka zonsezi, koma kuyambira Loweruka chiseko chikuwavuta. Chilengezochi chachokera kwa Ahedi."

Muulutsi anatseka maikolofoni kamphindi kuti amalize kuseka, n'kupukuta maso, n'kutenga pepala lachiwiri.

"Akuthokoza Anti a Taipi, mng'ono wawo amene anakwera pa denga la khola, dalaivala wa basi, ndi alamu awo pobweza bokosi lopanda chosowa. Akudziwitsa ana awo atatu kuti asiye kuwayang'ana ngati mlendo, ndi mayi anu omwe aja. Bukulo lituluka, dzina lawo lili pachikuto, ndipo nkhani ya wotchi ikhala patsamba loyamba monga momwe inalembedwera, osasintha ngakhale chilembo. Akuti amva kuti kuyambira Loweruka abambo a kubutchala, amayi otsogolera kwaya, kondakitala wa basi yofiira, apongozi awo aakazi ndi alamu awo akufunsa ngati anthu a m'nkhani zija ndi iwo. Yankho ndi lakuti inde, nonse. Pobisala pawo panatha, sathawanso. Odandaula afike Lachitatu lililonse, 2 koloko masana, pa shopu yoyang'anana ndi chigayo, aliyense ndi mpando wake, ndipo ayankhule mosamala chifukwa kope latsopano lagulidwa kale. Chilengezochi chachokera kwa Mpeni Wobuntha, amene waika mwamuna wake m'manda, koma iye ali moyo, ndipo Lamulungu lino mumupeza patsamba lomaliza."