Njovu Yokana Kukhala Nkhuni

Kunali kutatsala masiku anayi kuti tifike pa Sankranti, chikondwerero chomwe ife a ku Kondapalli timagulitsapo zidole zodyetsa banja chaka chonse, pamene Giridhar wa ku ofesi yoyendera zidole anatulukira pa sitolo ya a Seshayya m'mamawa, fomu kukhwapa, tepi yoyezera m'thumba. Ine ndimapenta zidole pakhonde loyandikana nayo, ndipo sindinama, burashi ndinaiika pansi, chifukwa nkhalambayo ndi youma mutu, pomwe Giridhar ukamuuza kuti dikira pompo umakamupeza pompo mawa lake.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndadzatenga njovu imodzi ikayesedwe ku Vijayawada, kuti mupatsidwe chiphaso. Galimoto yathu inyamuka teni koloko, ndipo kubweranso ndi mwezi wamawa."

"Sankha wekha, mwana wanga," anatero a Seshayya akufukiza lubani pa kabokosi ka ndalama. "Marupi mazana anayi."

"Chitsanzo sitigula, bambo. Timangolemba."

"Ndiye khala pansi. Sindinachite boni."

"Boni?"

"Iii, kodi unabadwira mu ofesi? Malonda oyamba a tsiku! Kanthu sikatuluka pakhomo pano ulere wogula woyamba asanaike ndalama m'manja mwangamu. Ukufuna undiitanire minyama sabata ya Sankranti? Mkazi wanga yemwe akafuna machesi amadikira."

"Chabwino, ndidikira," anatero Giridhar, nakhala pampando, mawondo pamodzi.

Posakhalitsa panaima mayi wina atanyamula mwana, naloza njovu yofiira. A Seshayya mano onse panja. Giridhar anadzuka mwaulemu.

"Pepani mayi, chidole chosayesedwa sichigulitsidwa."

Mayiyo anakoka mwana wake n'kumapita.

"Iwe! Wandithamangitsira boni yanga!"

"Sindinawathamangitse. Adzabwera mukapeza chiphaso."

"Chiphasocho ndichipeza liti?"

"Njovu ikayesedwa."

"Iyesedwa liti?"

"Mukandipatsa."

"Ndikupatsa boni ikachitika!"

"Ndiye chitani boniyo, bambo. Nthawi ikutha."

"Ndigulitse chiyani, poti wandimanga manja?"

"Chilichonse chomwe si chidole. Ndigule mpando uwu?"

"Asa! Ndine wogulitsa mipando ine? Boni imachitika pa mtengo womwe wasema ndi manja ako."

"Nanga zibenthu zotsala posema?"

"Mkazi wanga watenthetsera madzi osamba." A Seshayya anakanda m'mutu, kenaka anatsitsa mawu. "Tamvera. Ugwetse marupi khumi pansipa, uyang'ane kumsewu. Ine nditola. Iwe utola njovu. Palibe wagula, palibe wagulitsa."

"Ndiye kuti ndataya ndalama."

"Eya!"

"Ndipo inu mwaitola."

"Eyatu!"

"Ndiye mundibwezera, chifukwa ndi yanga."

"Koma abale! Mwana uyu anamuyamwitsa inki?"

Anayendayenda m'sitolomo manja kumbuyo. Madzi anali atafika m'khosi: mashelefu odzaza njovu zomwe anasema kuyambira nthawi ya mvula, ndipo wotchi ya pakhoma inali itadutsa kale naini. Mwadzidzidzi anaima.

"Tandiuza, wophunzira iwe. Chidole chikasweka, m'buku mwakomo chimatchedwa chiyani?"

Giridhar anatembenuza mapepala. "Sichikhalanso chidole. Ndi zinyalala, kapena nkhuni."

"Nkhuni ungagule?"

"Mayi anga amaphikira nkhuni. Ndingagule."

"Konza marupi khumi."

Anatsitsa njovu yabuluu ya kanyumba pamsana, yomwe ndinaipenta ndekha masiku awiri. Mtima unandiwawa. Anaipepesa chamumtima, natseka maso, naitaya pansi. Khu! Njovu inagubuduka n'kuima ndi miyendo inayi, ikuwayang'ana.

Giridhar anasolola tepi. "Mwaigwetsa kuchokera pati?"

"Pa mchombo panga. Zikukukhudza chiyani?"

Anayeza kuchokera pa mchombo wa nkhalambayo mpaka pansi, nalemba. "Tabwerezani."

"Ndibwereza ndithu, osati chifukwa wanena iwe!"

Khu! Khu! Khu! Khu! Njovu osakalika ngakhale pang'ono.

"Kasanu," anatero Giridhar, nachonga pa fomu.

"Ukuwerenga manyazi anga? Sweka, mwana wa mfiti iwe!" Anaipana m'mawondo n'kuyamba kukoka chitamba, mitsempha ya m'khosi ili tototo.

"Musasiye, bambo. Zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, khumi. Basi." Giridhar anasiya kuwerenga masekondi, nachonganso.

"Guluu wa nthangala za bwemba uyu anandiphunzitsa ndi malemu bambo anga. Mulungu awakhululukire, andipha lero!"

"Mumalemera makilo angati?"

"Makumi asanu ndi limodzi. Ukufuna kundigula ine?"

"Ayi. Ndaona mukufuna kuiponda."

Anaipondadi, miyendo yonse iwiri, atagwira shelefu, nsalu ya m'chiuno ikumasuka. Njovu zii. Atatsika anaitola ndi ukali n'kuiluma khutu ngati galu wolusa.

"Tatulutsani lilime, bambo."

"Chiyani?"

"Lilime."

Analitulutsa, koma monyoza. Giridhar analisuzumira bwinobwino. "Utoto sukuchoka," anatero, nachonga.

Kumsewu hutala inalira kawiri.

"Mayo ine, galimoto ija!" A Seshayya anagwada n'kuyamba kufufuza pansi pa tebulo.

"Bambo, imani kaye. Fomu yadzaza."

"Idzaze, isefukire, ndilibe nazo ntchito!"

"Ndikutanthauza kuti njovuyi..."

"Ndikudziwa, sinasweke! Maso ndili nawo!"

"Komatu ndiye zabwino zake, chifukwa lamulo likuti..."

"Ukatchulanso lamulo ndiyambira iwe!"

Anatulutsa nyundo yamtengo, ija yokhomera chizulo posema. Ine ndinali nditazindikira kale zomwe mnyamatayo ankachonga, ndipo ndinakuwa kuti, "Achimwene, musatero!" Koma munthu akauma mutu makutu amaumira limodzi. Nyundo inakwera, nyundo inatsika. Phwaa! Chitamba uko, kanyumba uko, mwendo umodzi unadzagwera m'mbale yanga ya utoto.

"Nkhuni!" anafuula a Seshayya, thukuta lili kamukamu. "Lipira!"

Giridhar anapereka marupi khumi ndi manja awiri. Nkhalambayo inagunditsa ndalamayo pa diso lamanja, pa diso lamanzere, n'kuiika m'kabokosi.

"Boni yachitika. Tsopano nyamula njovu iliyonse, uthamangire galimoto yako."

"Yapita, bambo. Koma palibe chothamangira. Kugwetsa, kukoka, kupanikiza, utoto, mayeso onse mwachita nokha pamaso pa woyendera, ndipo lamulo limalola. Njovu yanu yapambana."

"Yapambana?"

"Ndi zomwe ndimakuuzani muja."

"Nanga nyundoyi?"

"Nyundo mulibe m'fomu."

A Seshayya anaseka mpaka kutsokomola, nandiloza. "Wamva, mlongo wanga? Njovu ya Seshayya! Itana anthu, uwauze sitolo yatsegulidwa!"

Giridhar anali atagwada pansi. Anatolera zidutswa zonse, anadzapempha ndi mwendo uja kwa ine, naziunjika bwinobwino pa tebulo. Anatulutsa foni, najambula muluwo kutsogolo ndi m'mbali, kenaka anapumira mpweya pa chidindo n'kudinda.

"Ukujambuliranji nkhuni zako?"

"Chiphaso chimayenda ndi chithunzi cha chitsanzo, bambo. Chomwe chikufanana ndi chithunzi ndicho chololedwa kugulitsa."

Kuseka kuja kunathera pakhosi. A Seshayya anayang'ana mulu wa pa tebulo, nayang'ana mashelefu awo, njovu zonse zili ndi zitamba, makutu ndi miyendo inayi inayi. Ine ndinawamvera chisoni kwambiri, ngakhale nthiti zinali zikundiwawa ndi kuseka.

Giridhar anatola nyundo pansi, naipukuta fumbi ndi mkono wa malaya, nawapatsira ndi manja awiri.

"Iliyonse yofanana ndi iyi mutha kuigulitsa lero lomwe, bambo. Muyambira iti?"