Kampeni Kamene Sikanatsukidwe

Ine, Mayankho Chimwaza, wa zaka 29, wa m'mudzi mwa Chimphanga, Mfumu Yaikulu Ndindi, m'boma la Salima, ndimamezanitsa mitengo ya mango pa nazale yanga. Ndinaphunzira za ulimi wa zipatso ku yunivesite, koma sindinalembedwe ntchito. Ndimakhala ndi azakhali anga, mayi Ruth Chimwaza. Ndabwera ndekha kuno kupolisi, palibe wandiitana. Ndikufuna kunena za kampeni kamene Che Ramadhani Saidi anagwidwa nako Lachisanu lapitali.

Kampeniko ndi kanga. Ndinakagula mu 2018, ndili chaka chachitatu ku yunivesite. Ndi kopinda. Kakapindidwa kamatalika ngati chala changa chapakati. Chogwirira chake ndi chathabwa lofiirira. Chitsulo chake chinanoledwa mbali imodzi yokha, monga imakhalira mipeni yomezanitsira. Kalibe loko, kamatsegulidwa ndi chikhadabo. Ndimakasunga m'kathumba kamene ndinasokerera m'chiuno mwa siketi, mbali ya mkati. Ndi kopepuka moti ndimaiwala kuti ndili nako. Ndalowa nako m'tchalitchi, ndapita nako kumaliro, komanso ku intavyu ziwiri ku Lilongwe, ndipo palibe anakaona. Vuto lake ndi limodzi: sikafuna madzi. Kakanyowa thabwa limafufuma, popindira pamachita dzimbiri, ndiye kamakana kutseguka. Ndimakapukuta ndi sipiriti basi.

Lachisanu pa 17 Okutobala 2025 ndinayamba kumezanitsa 6 koloko m'mawa. Tsikulo tinkayembekezera alendo, makolo a mlamu wanga Sumaiya, mkazi wa mchimwene wanga Martin. Ankabwera kudzaona khanda la Sumaiya. Iwowo ndi Asilamu, ife ndife Akhristu. Kwathu kuno nkhuku yodyera limodzi ndi Asilamu imazingidwa ndi Msilamu, choncho azakhali anali atapempha Che Ramadhani. Iwo ndi bambo a zaka za m'ma 60, amasoka maukonde, ndipo nyumba yawo ili pamtunda wa mamita 300 kuchokera pathu.

Anafika cha m'ma 9:40. Ndikudziwa chifukwa foni yanga imalira 9:30 kundikumbutsa kuthirira mbande, ndipo iwo anandipeza ndikuthira kheni yachitatu.

Azakhali anawapatsa mpeni wa kukhitchini. Che Ramadhani anauyesa pa chala chachikulu, kenako anati, "Mayi Ruth, uwu ndi mpeni kapena supuni? Nkhuku ifa ndi kutopa." Azakhali anati, "Mpeni umenewo malemu bambo ake a Martin ankasendera mbuzi." Iwo anati, "Mbuzi imeneyo Mulungu aikumbukire." Anati chipembedzo chawo sichilola kuzinga ndi mpeni wobuntha, chifukwa chiweto chimazunzika. Anati abwerere kwawo akatenge wawo.

Apo ndi pamene ndinatulutsa kampeni kanga. Palibe anandipempha. Akanatha kungopita kukatenga wawo, ndi ulendo wa mphindi zisanu.

Azakhali ankadziwa kuti ndili ndi kampeni ka ntchito, koma sankadziwa pamene ndimakasunga. Anati, "Iwe, chimenecho chatuluka m'chiuno? Ndimadabwa kuti amuna akuthawa chiyani, kani nkhani yake ndi imeneyi." Che Ramadhani anati, "Asiyeni mayi a digiri. Amene akuthawawo si amuna, ndi anapiye." Iwo amandiitana kuti mayi a digiri kuyambira pamene ndinabwerako kusukulu.

Anakatsegula ndi kukatseka katatu, atakayandikiza ku khutu. Anameta nako ubweya wa pa mkono wawo. Anati, "Ka nkhuku n'kabwino. Ka mbuzi n'kafupi. Komenyera nkhondo ayi, kangakupindikire pa zala zako zomwe." Anandiuza kuti anali nako kofanana nako ali mnyamata, ndipo kanawagwera m'madzi kufupi ndi zilumba za Maleri. Anati mpaka pano nthawi zina amakalota kali pansi pa nyanja, kakutseguka ndi kudzitseka kokha, tinsomba ta mbuna tikukazungulira. Anati m'malotomo sikachita dzimbiri.

Nkhuku zinali ziwiri, tambala woyera ndi thadzi lofiira. Anandiuza kuti ndivundikire thadzi ndi dengu kuseri kwa khitchini, kuti lisaone mnzake akufa. Ndinatero. Anayang'ana chakumpoto, ananena pemphero lawo, nazinga tambala. Anadula kamodzi kokha. Kenako ndinabweretsa thadzi. Pozinga thadzilo nsonga ya kampeni inagunda mwala umene unali pansi, ndipo inabenthuka pang'ono, ngati kambewu ka mawere. Nthawi inali cha m'ma 10:10.

Che Ramadhani anati, "Ndakuonongerani, ndikonza ndine. Ndili ndi mwala wonolera kunyumba, mawa mukapeza pakhomo." Anapempha madzi kuti akatsuke. Ine ndinati, "Musakatsuke ndi madzi, kamachita dzimbiri." Mawu amenewa ndikuwakumbukira bwino. Sipiriti anali atandithera m'mawa womwewo. Iwo anakapukuta pa udzu, nakapinda, nakakulunga ndi kapulasitiki kamene ndimamangira nthambi zomezanitsa. Magazi ena anatsalira popindira ndi mumpata wa chogwirira.

Sanachoke nthawi yomweyo. Anakhala pa benchi ya mu nazale, pansi pa neti ya mthunzi, ndipo azakhali anawapatsa thobwa. Ine ndinali nditasiya kumezanitsa chifukwa dzuwa linali litakwera. Ndinkathirira.

Nthawi ya 10:34 Martin anandiimbira foni kunena kuti alendo achedwa pang'ono. Che Ramadhani anapempha foniyo, nati, "Martin, uwauze apongozi ako asaope. Nkhuku zalowa Chisilamu mochedwa, koma zalowa." Analankhulana mphindi zitatu. Foniyo ndaionetsa kwa apolisi, ndipo nthawiyo ikuoneka.

Nazale yanga ili pa kamtunda, ndipo nyanja imaoneka pakati pa milambe iwiri, pamtunda wa makilomita awiri. Cha m'ma 11 koloko nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja tija, inayamba kukwera pamadzi. Inali mizati inayi ngati utsi, ndipo sinkaoneka kuyenda. Kenako inasanduka itatu, ndipo sindinaone pamene iwiri inakumana. Madzi ndi thambo zinali za mtundu umodzi, moti bwato limodzi linkaoneka ngati lapachikidwa m'mwamba. Ndinaima ndi kheni m'manja mpaka madzi onse anathera pa mbande imodzi. Sindikudziwa kuti ndinaima mphindi zingati. Koma Che Ramadhani anali pa benchi kumbuyo kwanga, chifukwa ndinkawamva akung'ung'udza nyimbo ndi kuyendetsa tasibihi, mikanda yawo yopempherera.

Cha m'ma 11:50 anadzuka kuti azipita ku mzikiti ku swala ya Lachisanu. Anaika kampeni m'thumba la mkanjo, kenako anaima nati, "Koma aka sindilowa nako mumzikiti, kali ndi magazi. Ndikakasiya panja." Ndinamva mawuwo. Ndinali ndikuyang'anabe nkhungu. Ndinati, "Chabwino." Sindinawauze kuti angokasiya pa benchi adzakatenge madzulo. Sindinawauzenso kuti angokatsuka, dzimbiri si kanthu. Anatuluka pa geti la bango, nalowera njira ya ku Chipoka.

Alendo anafika 2 koloko masana. Ndi iwo amene anatiuza kuti munthu wabayidwa pa mkangano kumalo ogulitsira nsomba cha m'ma 10:30, kuti ali kuchipatala, ndipo wobayayo wathawa. Tinadya. Bambo a Sumaiya anafunsa amene anazinga nkhuku, ndipo atamva dzinalo anatenga nthuli yachiwiri.

Loweruka 7 koloko m'mawa kunabwera mayi Tausi, akazi a Che Ramadhani. Zimene ananena sindinazione ndi maso anga. Anati amuna awo atafika pa mzikiti anabisa kampeni pansi pa njerwa, kunja kwa mpanda. Munthu wina anawaona akubisa. Mbiri ya kubayidwa kwa munthu inali itafala kale. Atatuluka mumzikiti n'kutenga kampeniko, anthu anawagwira, anatsegula kapulasitiki, napeza magazi. Anawabweretsa kuno. Mayi Tausi anati amuna awo anangouza apolisi kuti ndi magazi a nkhuku, koma anakana kutchula mwini wa kampeni. Ati anawauza akazi awo kuti, "Mwana uja akufunafuna ntchito m'boma. Dzina lake lisalembedwe m'buku la kupolisi chifukwa cha nkhuku."

Mayi Tausi sanandipemphe kanthu. Anakhala pakhonde mphindi khumi, anamwa madzi, nachoka.

Azakhali anati, "Akakakufunsa kuti mkazi iwe umayenderanji ndi mpeni m'chiuno, ukayankha chiyani? Anthu akunyanjawo ali ndi abale awo, akawatulutsa." Kenako analowa m'khitchini, ndipo tsiku limenelo sanaphike.

Loweruka sindinabwere. Ndinalemba pa pepala zonse zimene ndikunenazi, ndipo ndinafufuta nthawi zina chifukwa ndinkakayika nazo. Lamulungu nditaweruka kutchalitchi ndinanyamuka kuti ndibwere. Ndinafika pa njanji, mamita 400 kuchokera pano. Kunkatentha, ndipo kutali njanjiyo inkaoneka ngati yamira m'madzi. Mbuzi zitatu zinkayenda pamadziwo osanyowa. Ndinaziyang'ana mpaka zinazimirira. Kenako ndinabwerera kunyumba. Ndafunsidwa chifukwa chake ndinabwerera. Ndilibe yankho limene lingathandize apolisi.

Lero Lolemba pa 20 Okutobala ndafika 8 koloko m'mawa. Ndaonetsedwa kampeni kamene kanali mu envelopu. Ndakazindikira ndisanakagwire. Ndanena kuti nsonga yake ndi yobenthuka, chitsulo chinanoledwa mbali imodzi, ndipo pa chogwirira pali madontho akuda a utomoni wa mango. Wapolisi wakatsegula pa windo, ndipo zonsezi zaoneka. Mumpata wa chogwirira mwapezekanso kanthenga koyera kamene kanamatirira pa magazi. Ndaonetsa wapolisi wamkazi kathumba ka m'chiuno mwa siketi yanga, ndipo kampeni kalowamo ndendende.

Ndafunsidwa chifukwa chake ndimayenda nako mobisa. Poyamba kanali ka ntchito basi: ndikaona mtengo wabwino m'njira, ndimapempha kanthambi. Ndimakabisa chifukwa anthu amalankhula. Ngati palinso chifukwa china, sindinachipezebe. Ndikadzuka m'mawa ndimayamba ndagwira m'chiuno, ndipo masiku atatu awa ndakhala ndikugwira kathumba kopanda kanthu. Ngati kuyenda nako ndi mlandu, mlanduwo ndi wanga, ndipo dzina langa lilembedwe.

Sindikumudziwa munthu amene anabayidwa, ndipo sindikudziwa amene anamubaya. Sindinaone zimene Che Ramadhani anachita atatuluka pa geti. Pa zinthu zambiri ndimakayika, ndipo pepala limene ndinalemba Loweruka ladzaza ndi mofufuta. Koma kuyambira 9:40 mpaka 11:50 m'mawa wa Lachisanu Che Ramadhani anali pakhomo pathu, ndipo sanatalikirane nane mamita oposa khumi. Magazi a pa kampeni ndi a tambala ndi thadzi. Sanatsukidwe chifukwa ine ndinaletsa. Izi ndikhoza kukazinena kukhoti. Azakhali anga, amene andiperekeza lero mpaka pa njanji, ati nawonso abwera akaitanidwa.

Polowa muno ndapeza mayi Tausi atakhala pansi pa mtengo wa nimu, ali ndi kontena ya chakudya ndi mkanjo wochapa. Andifunsa ngati asiye zinthuzo pa kauntala azipita, kapena adikire. Ndawauza kuti adikire.

Zimene ndikudziwa ndi zimenezi. Zawerengedwa kwa ine, ndipo ndi mawu anga.

Siginecha ya mboni: M. Chimwaza
Wolemba umboni: ……………………
Tsiku: 20 Okutobala 2025