Kumsana Manja Safika

Chibwerereni kuchipatala ndi kachubu kotulukira kumsana, kochotsa mkodzo mu impso n'kumauthira m'thumba lomangirira pantchafu, bambo anali asanasambepo thupi lonse. Tsiku lina m'mawa mayi anadzaza bafa ndi madzi ofunda, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno, n'kunena kuti akapanda kusamba lero, azikagona pasofa iwo ndi fungo lawolo.

Bambo anakalambira pantchito yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo mawu a namwino ankawalemekeza ngati chikwangwani cha pamsewu.

"Lowani," anatero mayi.

"Namwino anati ndisadziviike m'madzi."

"Ndani akukuviikani? Ndinu zovala? Ndikuti musambe."

"Ndikakhala pansi umo, madzi afika pati?"

"Afika pamene pali litsiro."

Bambo anafotokoza mofatsa kuti madzi a m'bafa amalowetsa tizilombo pabowo, tizilomboto n'kutsata chubu mpaka ku impso. Mayi anayankha kuti kachilombo kalikonse kanzeru kakangomva fungolo kabwerera panjira. Komabe anazula chotsekera, madzi n'kuyamba kutsika.

"Chabwino. Shawa."

"Shawa namwino anavomereza."

"Nanga mukudikira chiyani, belu?"

"Anati bandeji iyambe yaphimbidwa ndi pulasitiki, m'mbali monse momata ndi pulasitala."

Mayi anapita kukhitchini n'kubwera ndi pulasitiki, pulasitala ndi sizasi. Anaziika pampando, n'kubwerera pakhomo paja.

"Ndi izo. Matani."

"Pali kumsana, mayi."

"Kalilole ali apoyo."

"Kalilole amaonetsa. Samata."

Mayi anati ndiye asambe kutsogolo kokha, kumbuyoko kudzaona Mulungu. Bambo anafunsa kuti kutsogolo kumathera pati, poti madzi akagwera paphewa safunsa njira. Mayi anati avule thumbalo alipachike pamsomali wa thaulo, lisawasokoneze. Bambo anayang'ana msomaliwo, womwe unali pamwamba pa mutu wawo.

"Thumba liyenera kukhala m'munsi mwa impso."

"Kwa mphindi zochepa chabe."

"Mkodzo sukwera phiri. Ubwerera kumene wachokera."

"Inu bambo, anthu anzanu akadwala amamvetsa chisoni. Inu mumatopetsa."

Bambo sanakane. Anawakumbutsa kuti m'mawa uliwonse amadzipukuta ndi kansalu, kumaso, m'khwapa ndi kwina kofunika. Mayi anati kansaluko anakaona, ndipo kakufunika maliro akeake. Anawonjeza kuti mdzukulu wawo, amene kale sankachoka pamiyendo ya agogo ake, dzulo anawapatsa moni ali kukhonde.

Za mdzukuluzo bambo anali ataziona okha. Anayamba kumasula mabatani a malaya.

"Mukutani?"

"Ndikusamba. Tengani pulasitikiyo."

"Tiitane mwana adzakumateni."

"Mwana ali kuntchito. Namwino anati wa m'nyumba."

"M'nyumba muno mulinso mphaka."

"Anati musambe kaye m'manja ndi sopo. Kenako muyang'ane m'mbali mwa bandeji ngati pafiira, patupa kapena pakutuluka mafinya. Chubu musachikoke, musachipinde."

"Ndiyang'ane ine?"

"Ine maso akumsana ndilibe."

Anakoloweka malaya pamsomali uja, n'kutembenuka, n'kugwira khoma ndi manja awiri ngati munthu wosechedwa ndi apolisi. Anadikira. Anamva mpope ukutsegulidwa, sopo akuterera, mpope ukutsekedwa. Anamva pulasitiki ikukhwekhwereza. Koma pamsana pawo sipanafike dzanja.

Anasuzumira pakalilole. Mayi anali ataima kumbuyo kwawo, pulasitiki ili m'manja, maso ali kudenga. Mayi omwewa, amene analera ana anayi osanyansidwa ndi thewera, amene nsomba amaitumbula uku akuyankhula pafoni.

"Chimalowa mpaka mkati?" anafunsa, mawu atachepa.

"Mpaka mu impso."

"Chimapweteka?"

"Chikakokedwa."

Mayi anaponya diso kamodzi pamene kachubu kanatulukira pansi pa bandeji. Anakhala pamphepete pa bafa mosakonzekera, pulasitiki n'kugwera pansi.

"Fulumirani, mayi, ndikuzizidwa. Pasofa paja msana wanga supafuna."

Mayi anatambasula dzanja, n'kutsitsa malaya pamsomali, n'kuwapatsira cham'mbali nkhope atayang'ana kukhomo.

"Valani, mungadwale chimfine," anatero. "Ndipo ndakununkhizani bwinobwino tsopano. Simukununkha kwenikweni."