Kapu ya Tiyi Imene Ndinaikana

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo nonse, moni m'dzina la Ambuye. Aleluya. Musadabwe kuti aleluya wanga watsika. Mawu anga masiku ano ndi omwewa.

Ambiri mukundidziwa. Ndine Nangozo wa kufupi ndi sikimu ya mpunga, amake Tiyamike. Amene simundidziwa, kafunseni za mayi uja ankathira shuga mpaka tiyi kuchita phala. Akulozerani kwathu.

Shuga ndinakula naye. Bambo anga ankagwira ntchito kumigodi ku Joni, ndipo akabwera ankati pakhomo pa munthu wa ku Joni tiyi sakhala wowawa. Mlendo akafika, tiyi. Mwana akalira, madzi a shuga. Kwathu shuga anali ulemu. Nditakwatiwa kuno ku Bwanje, ndi kutentha kwa kunoku, ndinachita kuwonjezera. M'mawa tiyi, kumunda thobwa lotsekemera, pobwerera nzimbe m'manja.

Kenako thupi linayamba kusintha. Ludzu losatha. Kutaya madzi pafupipafupi. Kuwonda. Chitenje chimene chinkangondikwana chinayamba kutsala. Anthu anayamba kunong'ona, mukudziwa zimene timanong'ona munthu akawonda. Ine ndinangoti azilankhula.

Ndiye inu amayi anzanga munabwera kudzandizonda. Mwa chizolowezi chathu, aliyense kapaketi ka shuga m'manja. Munkati, "Anangozo, imwani, mupeze mphamvu." Ine ndinkamwa. Munkandikonda, ndikudziwa. Palibe ankadziwa kanthu, ngakhale ine mwini wake.

Tsiku lina tikuwokera mpunga, mwana wanga Tiyamike anakuwa, "Amayi, magazi!" Kuyang'ana pansi, madzi afiira pamene ndaima. Kutukula phazi, phale la botolo lalowa mkati. Ine osamva kanthu. Abale, osamva kanthu! Ndinalizula ngati udzu, n'kumanga kansanza, n'kupitiriza kuwokera. Ndinati chinthu chosapweteka si choti munthu n'kusiyira ntchito.

Bala lija silinapole. Linayamba kuda, kenako kununkha. Tiyamike anandikweza pa njinga mpaka kuchipatala. Anandibaya chala, anayeza magazi, akuti, "Mayi, muli ndi matenda a shuga, ndipo anayamba kalekale." Zala ziwiri za kuphazi anadula. Atatha, adokotala anaika dzanja pansi pa bondo langa n'kunena kuti, "Bala ili likapanda kutseka, tidzadula apa."

Tiyamike analira. Ine sindinalire. Ndinkangoyang'ana ntchentche imene inkayenda pa windo. Ndinafuna kuopa, mantha osabwera. Ndinafuna kupemphera, mawu osabwera. Ndinangokhala.

Potuluka anandipatsa mankhwala. Anamwino anati shuga ayi, zakumwa zotsekemera ayi, mpunga pang'ono, masamba ambiri. Ndinafunsa kuti, "Ngakhale kasupuni kamodzi?" Iwo anati, "Mayi, mukufuna supuni kapena mwendo?"

Nditafika kunyumba, munabweranso. Nyimbo ndinaimvera kumsewu. Ulendo uno mapaketi anachuluka, poti matenda nawo anali atakula. Tiyamike anali atapita kuchigayo, ndinali ndekha pamkeka. Mayi Chimkoka, atsogoleri athu a amayi, awo akhala apowo, analowa okha kukhitchini kwanga. Anaphika tiyi, anathira shuga mosaumira, anabwera n'kugwada, n'kundipatsa kapu ndi manja awiri. Mayi wa msinkhu wa amayi anga kugwada pamaso pa ine.

Abale ndi alongo, mukudziwa mmene zilili kwathu kuno. Ukakana chimene wakupatsa munthu wodzakuzonda, ndiye kuti wamuuza kuti ukumukayikira. Wamuuza kuti wathiramo kanthu.

Kapu ndinailandira. Inali yofunda bwino, fungo lake lija, malovu n'kudzaza m'kamwa. Ndinayang'ana tiyi. Ndinayang'ana phazi langa lokulungidwa m'bandeji. Kenako ndinaika kapu pansi.

Ndinati, "Amayi, sindimwa."

"Mwati chiyani, Anangozo?"

"Achipatala andiletsa."

Wina kumbuyo anati, "Ha! Ndiye achipatala aletsa tiyi wa mayi Chimkoka basi? Kale lonseli ankamwa chiyani?" Amene munanenayo musawerame, nkhani inatha. Ndikanatha kufotokoza bwino, koma mawu ndinalibe. Ndinangobwereza kuti sindimwa. Munaimba nyimbo imodzi, pemphero lalifupi, n'kudzuka. Tiyi uja anazizira pomwepo mpaka nyerere zinamupeza.

Kuchokera pamenepo pakhomo panga panati zii. Ndinkamva kuti Nangozo wayamba kunyada. Ndinkamva kuti Nangozo akuti mpingo unamulodza. Sindinakwiye. Mphamvu yokwiyira ndinalibe.

Kusiya shuga musakuone kupepuka. Masiku oyamba mutu unkachita ngati ung'ambika. Tiyi wopanda shuga ankangomveka ngati madzi otsukira mbale. Ndinkalakalaka ngakhale kunyambita supuni. Mapaketi aja Tiyamike anawachotsa m'nyumba, sindinafunse kumene anapita nawo. Ndinkamwa mankhwala, kudya masamba, kutsuka bala, kugona. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Sindinganame kuti ndinali ndi chikhulupiriro chachikulu. Ndinkangochita zimene ndauzidwa. Koma Mulungu ankagwira ntchito yake ine ndili chete. Ludzu linayamba kuchepa. Maso anayamba kuona bwino. Bala linayamba kuuma m'mbali.

Tsiku lina m'mawa ndinamva "Odi." Mayi Chimkoka, okhaokha, opanda nyimbo. M'dengu munali nkhwani ndi nyemba. Anakhala pansi. Kenako anati, "Ndinapita kusikelo ndi mdzukulu wanga, ndinafunsa anamwino za matenda anuwa. Anangozo, bwanji simunatiuze kuti tikukuphani?"

Ndinati, "Simumandipha, amayi. Mumandizonda."

Anati ndiwaonetse phazi. Ndinakana, chifukwa silinali losangalatsa kuliona. Iwo anamasula okha bandeji, anaitanitsa madzi ofunda kwa Tiyamike, n'kuyamba kulitsuka. Ankalira, misozi kugwera m'beseni. Ankafunsa, "Ndikukupwetekani?" Ine ndinati ayi. Zinali zoona. Manja awo sindinawamve ngakhale pang'ono, ndinkangowaona ndi maso. Koma tsiku limenelo ndinadya nsima yanga yonse, kanthu kamene ndinali nditaleka.

Ulendo wotsatira kuchipatala adokotala analiyang'ana bala, analidina, n'kunena kuti, "Latseka. Pitirizani zomwe mukuchitazo." Tiyamike analumpha. Ine ndinangovala nsapato yanga.

Lero moyo wanga ndi wotere. Mankhwala ndimamwa, ndipo akuti ndidzamwa mpaka kalekale. M'madzi a mpunga sindilowanso, ndimangopeta ndi kuyanika pakhomo. Madzulo aliwonse ndimayang'ana kunsi kwa mapazi ndi galasi, poti akalasidwa sandiuza. Tiyi ndimamwa wopanda shuga. Musandifunse ngati ndinazolowera, sakoma. Sakoma ndithu.

Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza mwana wanga. Ndikuthokoza mayi Chimkoka ndi inu nonse amayi anzanga, pa maulendo onse awiri. Pempho langa ndi limodzi: mukamapita kukazonda wodwala, yambani mwafunsa chimene akudwala, kenako mudzagule cha m'manja. Ndipo wodwala akakana kapu yanu, musathamangire kudzuka.

Ena akapereka umboni amavina pano. Ine sindivina, mundikhululukire. Chisangalalo sichinabwerere chonse, mwina chikubwera pang'onopang'ono. Koma mwendo ndi uwu, abale. Uli ndi zala zitatu, sumva minga, sumva kutentha kwa mchenga. Sanaudule. Ndauyendera kuchokera kunyumba mpaka pano, ndipo tikaweruka ndiuyenderanso.

Ambuye alemekezeke. Ameni.