Ndinatsika Namizimu pa Machira a Othawa Nkhondo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ambiri mumandiona ndikutsimphina polowa m'tchalitchi muno, ndipo ena mwandifunsapo kuti mwendowu unatani. Lero ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene ndinathyoka mwendo pamwamba pa mapiri a Namizimu, m'nyengo yozizira, ndi mmene Mulungu ananditsitsira kumeneko.

Ine kwathu ndi ku Malindi, ndipo bambo anga anali msodzi. Zaka zimenezo za chipani chimodzi ndinali pa yunivesite ku Zomba, m'gulu la ophunzira amene tinkapemphera limodzi. Pa tchuthi cha pakati pa chaka ndinaitana anzangawo kwathu kuti tikakwere mapiri amene ndinakula ndikuwaona kuseri kwa nyumba yathu. Mayi anatiphikira mbatata, n'kutichenjeza kuti mwera ukamaomba chonchi kumtunda kumazizira koopsa, komanso kuti malire ali pafupi ndipo ku Mozambiki kuli nkhondo. Anatipempherera, tinanyamuka m'mamawa.

Chitunda chake sichinali chamasewera. Malo ena tinkachita kukwawa, kugwira miyala ndi mizu ya mitengo. Atsikanafe zinkativuta kwambiri chifukwa tinali m'masiketi aatali ndi zitenje, poti masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala thalauza. Komabe tinkaimba, tinkaseka, mpaka tinafika pamwamba chakumasana.

Tisanamalize n'kudya komwe, nkhungu inatikuta. Kunayamba kamvula kowaza, mphepo yake yolowa m'mafupa. Tikufulumira kubwerera, chitenje changa chinakodwa pachitsa, ndinaterereka, mwendo n'kulowa pakati pa miyala iwiri. Ndinamva ndekha fupa likuthyoka.

Mtsogoleri wa gulu lathu, Lameki, mnyamata wa ku Mzimba, anayesa kundibereka koma ululu unandikomola. Anyamata awiri anapita kukafuna anthu, koma chifukwa cha nkhungu anangozungulira n'kutulukiranso pomwe tinalipo. Anzanga anandifunditsa majuzi awo iwo n'kumanjenjemera. Mano anga ankagundana, zala zinachita dzanzi, ndipo ndinayamba kumva tulo tachilendo. Ndinaganiza za mayi anga, amene ankadzitama ndi ine pamudzi ponse, kuti mawa adzalandira mtembo. Apo ndinapemphera chamumtima kuti, "Ambuye, mukuona pomwe ndagona. Miyendo yanga yakana, nditumizireni ya ena."

Patapita kanthawi tinamva mapazi ndi kulira kwa khanda. Tonse tinaumiratu, poganiza kuti ndi anthu a mfuti. M'nkhungumo munatuluka amayi osenza mitolo, ana opanda nsapato, ndi abambo awiri atanyamula nkhalamba pa machira a mitengo ndi masaka. Nawonso atationa anaima ndi mantha, poyesa kuti ndife a boma ndipo tiwabweza. Ine nditamva kuti akunong'onezana m'Chiyawo, ndinawapatsa moni m'chinenero chomwecho. Apo m'pamene anayandikira.

Nkhalambayo dzina lawo linali che Saidi, Msilamu wa kutsidya kwa malire. Mudzi wawo unali utatenthedwa, ndipo anayenda m'tchire mpaka mapazi kutupa n'kung'ambika. Onyamula machirawo anali ana awo. Mkuluyo anayang'ana mwendo wanga nthawi yaitali, kenako anauza anawo kuti, "Nditsitseni. Anga atupa chabe, mwanayu wake wathyoka."

"Baba, simukafika," anatero mwana wawo wamkulu.

"Amene watisunga njira yonseyi sangatitaye pano. Nditsitseni."

Mwana wawo wamkazi, abiti Saidi, anang'amba chitenje chimene anafunda, n'kumanga mwendo wanga pakati pa timitengo tiwiri. Anandigoneka pa machira paja. Iwo sankadziwa kolowera, ifenso njira inali itatisokonekera, choncho tinagwirizana zotsata kamtsinje kamene tinkakamva kakuyenda chakumunsi. Lameki ndi anzanga ankasinthana ndi ana a che Saidi ponyamula, pomwe ena awiri anawagwira mkuluyo m'khwapa uku ndi uku. Ndili chigonere ndinkawamva akubuula pa mwala uliwonse, koma sanapemphe kuti abwerere pa machira awo. Ndinalira kwambiri, ndipo sikuti unali ululu wokha.

Titatsika ndithu, nkhungu inatsala kumbuyo ndipo tinaona malata a chipatala cha kwathu akuwala kumunsi. Tonse awiri anatigoneka tsiku lomwelo, ine ndi che Saidi. Mayi atamva zonse anatenga banja lonselo kupita nalo kwathu, ndipo linakhala pakhomo pathu mpaka linapezeredwa malo pamodzi ndi othawa nkhondo ena. Mapazi a che Saidi anapola. Tsiku lotsanzikana ndinawathokoza, iwo anangoti, "Ifenso tinkapempha kuti tikumane ndi munthu. Thokozani Mwini wake."

Ndinabwerera ku sukulu ndi ndodo, mochedwa kuposa anzanga, koma maphunziro ndinamaliza ndipo ndaphunzitsa ana ambiri m'boma lino la Mangochi. Mwendo sunawongoke bwinobwino, ndipo kukazizira umandikumbutsa. Sindidandaula nawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wongotsala pang'ono kugona tulo tosadzuka. Iwe m'bale wanga amene wagwa pamalo poti palibe akukuona, usaleke kuitana. Usamuuzenso Mulungu kumene thandizo lako liyenera kuchokera. Langa linabwera ndi anthu opanda nyumba, opanda chakudya, amene anali ndi machira okha, ndipo anandipatsa omwewo. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.